Zilombo za eni ndi zitsekerero makumi awiri

Buku loyambalo ndinaligula chifukwa cha zithunzi basi. Ndinapita ku Lilongwe kukalondola mapepala a kuntchito, ndipo pobwerera kudepoti ndinaima pa mnyamata wina amene anayala mabuku akale pachiguduli. Pakati pa mabuku a sayansi ndi manovelo othothoka zikuto panali chibuku cholemera ngati njerwa, dzina lake Monster Manual, chosindikizidwa mu 2003. Nditatsegula ndinapeza zinjoka zamapiko, zimphona, mafupa oyenda okha, ndipo pambali pa chilombo chilichonse panali manambala ondondozana ngati lipoti la mayeso. Ine ndimaphunzitsa masamu. Chilombo chokhala ndi manambala sindikanachisiya. Mnyamatayo nayenso sankadziwa kuti bukulo ndi la chiyani, choncho pamtengo sitinalimbane.

Linakhala pashelefu kwathu ku Bembeke pafupifupi zaka ziwiri, ana akumaopsezana nalo. Amene anandimasulira ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, atabwera kutchuthi ndi foni yake. Anati, "Amalume, ili si buku lowerenga ayi, ndi la masewero." Masewerowo ndi Dungeons & Dragons, ndipo buku langalo linali limodzi mwa atatu ofunika. Ena awiriwo, la osewera ndi la wotsogolera, ndinalibe.

Kwa amene simunawaonepo, amayenda chonchi. Anthu mumakhala mozungulira tebulo. Mmodzi amayamba nthano, kufotokoza dziko, njira, mudzi ndi anthu ake. Enawo aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo n'kumamulankhulira: wanga akukwera mumtengo, wanga akufunsa mfumu, wanga akuponya mkondo. Zikafika poti chinthucho chitha kutheka kapena kulephereka, mumaponya dayisi ya mbali 20, kuphatikizapo nambala ya luso la munthu wanuyo, n'kuona ngati mwafika pa nambala imene wotsogolera akufuna. Palibe wopambana monga pa bawo. Ndi nthano imene omvera sangoyankha kuti "tili tonse", koma amalowa m'katimo n'kuikhotetsa. Wotsogolerayo m'mabuku amati Dungeon Master. Ife tinangomutcha mwini nthano, ndipo udindowo unagwera ine.

Dayisi ya mbali 20 simungaipeze pa Dedza boma, ndinayesa. Ya mbali 6 tinabwereka ku Ludo ya ana. Ya 20 tinaipanga ndi zitsekerero za mabotolo: makumi awiri, chilichonse cholembedwa nambala m'kati ndi penti ya m'zikhadabo ya mayi a kunyumba, zonse m'chitini cha mkaka wa ufa. Umakhutchumula chitini, kupisa dzanja osayang'ana, kutola chimodzi. Pa foni pali madayisi aulere, koma mlamu wanga anakana. Akuti foni ingathe kukondera mwini wake.

Malamulo tinawapeza pa intaneti. Kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa mwaulere chidule cha malamulo a 2014, ndipo ndinakasindikiza masamba ofunika okha pa kashopu ka fotokope, chifukwa kusindikiza onse kukanadya ndalama ya feteleza. Loweruka lina mu Juni, kuzizira kuja kwa kuno koti nkhungu imalowa mpaka m'khonde, tinakhala anayi ndi mbaula pansi pa tebulo: ine, mphwanga, mlamu wanga, ndi mphunzitsi mnzanga wa Chingerezi amene amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu. Pofuna kuwaonetsa kuti mwini nthano si munthu wamba, ndinatsegula buku langa lija n'kuwatulutsira chinjoka chofiira chachikulu.

Anachimenya ola lathunthu osachikhudza. Chilombo chilichonse chili ndi nambala imene uyenera kufikapo kuti mkondo wako ulowe, ife timati nambala ya chishango. Chinjokacho chinali ndi 29. Msilikali wa mlamu wanga, ngakhale atatola 19 n'kuphatikiza luso lake la 5, ankathera pa 24. Chokhacho chikanawapulumutsa ndi kutola 20 yeniyeniyo, imene malamulo amati imalasa nthawi zonse, koma imeneyo imabwera kamodzi pa maulendo makumi awiri. Onse anapserera. Mlamu anadzuka n'kunena kuti, "Alamu, ngati munatiitanira maliro mukananena, tikanabwera ndi nkhuni."

Cholakwa china chinali changa ndithu, chinjoka chotere sichoyambira. Koma china ndinachizindikira usiku womwewo nditakhala ndekha: m'malamulo a 2014 chinjoka chomwecho chili ndi 19. Buku langa ndi mapepala ndinasindikiza aja anali a masewero amodzi, koma a mibadwo yosiyana. Zinali ngati kuphunzitsa ndi silabasi yakale ana akukalemba mayeso a yatsopano.

Apa ndi pamene ndinayamba kutsata za maedishoni, ndipo mbiri yake ndi yokoma kuposa momwe ndinkaganizira. Masewerowa anayamba mu 1974 ku America, opanga ake Gary Gygax ndi Dave Arneson, pansi pa kakampani kotchedwa TSR ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin. Anali timabuku titatu m'kabokosi. Pakati pa 1977 ndi 1979 kunatuluka mabuku atatu akuluakulu a Advanced Dungeons & Dragons, ndipo edishoni yachiwiri inabwera mu 1989. M'mibadwo imeneyo nambala ya chishango inkayenda chafutambuyo: ikachepa ndiye kuti munthu ndi wotetezeka kwambiri, mpaka kutsika kupitirira ziro. Mu yachiwiriyo osewera ankachita masamu ochotsera pa nkhonya iliyonse. Ngati mphunzitsi wa masamu ndimasirira, ngati mwini nthano ndimathokoza kuti sindinabadwire m'menemo. TSR itagwa m'ngongole, Wizards of the Coast inaigula mu 1997, ndipo mu 2000 inatulutsa edishoni yachitatu imene inawongola zonse kuti nambala yaikulu ikhale yabwino. Buku langa ndi la 3.5, kukonzanso kwa 2003. M'badwo umenewo manambala amakwera osaleka, luso lililonse lili ndi mzere wake, kumva padera, kuona padera, kufufuza padera. Edishoni yachinayi ya 2008 inagawanitsa anthu kwambiri moti ambiri anasamukira ku Pathfinder, masewero amene kampani ya Paizo inatulutsa mu 2009 pomanga pa malamulo a 3.5 omwe aja. Yachisanu ya 2014 inabweza manambala pansi.

Mu yachisanuyi muli lamulo limodzi limene ndimalikonda kuposa onse. Munthu wako akakhala pabwino, tinene kuti wabisala ndipo mdani sakumuona, suwonjezera manambala ambirimbiri. Umangoponya kawiri n'kutenga yaikulu. Akakhala poipa, uponya kawiri n'kutenga yaing'ono. Ndi chitini chathu, utola chitsekerero, kuchibwezera, kukhutchumula, kutolanso. Ngati ukufuna 11 kapena kuposa, mwayi wako umachoka pa theka kufika pa magawo atatu mwa anayi. Ndinaigwiritsapo ntchito m'kalasi pophunzitsa probability, masamu a mwayi, ndipo ana amene amagona pa phunziroli tsiku limenelo anakangana mpaka belu.

Koma kusiyana kwa maedishoni kunali vuto laling'ono. Buku lakale lija ndinangolisandutsa la zithunzi, manambala n'kumatenga kwatsopano. Vuto lenileni linali dziko.

Nthano za m'mabukuwa zimayambira m'nyumba ya alendo yogulitsa mowa, m'tauni ya malinga a miyala, momwe munthu wachilendo amakupatsa ndalama zagolide kuti ukaphe chilombo. Mnzanga wa Chingerezi uja zimamukomera, anawerenga zambiri za ku Ulaya. Koma mlamu wanga, mlimi wa kachewere amene sukulu analekezera Fomu 2, ankangokhala duu. Tsiku lina ndinangosintha osawauza. Ndinati muli pa njira yotsika m'phiri kulowera kunyanja, dzuwa lapendeka, mwafika pamudzi wa eni, ndipo palibe amene akukulonjerani. Mlamu anawongoka pampando. "Sakutilonjera? Ndiye kuti pagwa zovuta pamudzi pano. Tisalowe, tikhale pansi pa mtengo tidikire atipeze." Palibe tsamba la buku limene likanamuphunzitsa zimenezo. Kuyambira tsikulo nthano yathu inasamukira kuno, m'nthawi ya makolo, pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja.

Zina zinasamuka mosavuta. Ndalama zagolide zinasanduka makasu, mchere, nsalu ndi mikanda, ndipo mwadzidzidzi chuma chinayamba kulemera: makasu khumi sungathawe nawo. Nyumba ya alendo inachoka, mlendo amafikira kwa mfumu n'kufotokoza kumene wachokera. Mapanga tili nawo kale. Nthano ya mwana wa mfumu amene walandidwa ufumu ndi amalume ake inatiseketsa, chifukwa kwa Achewa wolowa ufumu ndi mwana wa mlongo wa mfumu, ndipo mwana wobereka yekha ndi wa mbumba ina. Nditaitembenuza inakoma kuposa yoyambayo: mfumu ikufuna kusiyira mwana wake, mbumba ikukana, ndipo tsidya lina kuli Angoni a kwa Gomani amene ufumu wawo umatsata bambo, akudabwa kuti mkanganowo ndi wa chiyani. Tinasewera miyezi iwiri popanda kuponya mkondo ngakhale umodzi. Tinaikanso lamulo lathu la maliro. M'buku, mnzanu akafa mumatola zida zake n'kupitirira. Patebulo pathu zimenezo zinakanika, palibe amene anavomera kusiya mtembo patchire. Tsopano munthu akafa ulendo umaima, uthenga upite kwa eni ake.

Zovuta zinayamba ndi mawu amodzi. Mphwanga ankafuna kukhala wizard, munthu wa m'buku amene amaponya moto ndi mphezi. Mlamu anafunsa kuti m'Chichewa ndiye chiyani. Ndinati wamatsenga. Anati wamatsenga ndi uja amasandutsa mapepala kukhala ndalama pamsika. Ndinati sing'anga. Anati sing'anga saponya mphezi, woponya mphezi tonse tikumudziwa dzina lake. Tinakhala chete. Kwa amene analemba mabukuwa, mfiti ndi chinthu cha m'nthano, chofanana ndi chinjoka chamapiko. Kuno ndi mawu amene akatuluka pakamwa pa munthu, nyumba ya wina imatha kupsa. Chimodzimodzi matsenga oukitsa wakufa, amene m'buku ndi chithandizo wamba chogula ndi miyala yamtengo wapatali. Nditawafotokoza, mayi a kunyumba ali kukhitchini anangoti, "Ndondocha imeneyo."

Ine sindinamve msanga. Ndinakonza nthano ya mudzi umene ana akudwala, ndipo kumapeto kwa mudzi kuli nyumba ya mayi wokalamba wokhala yekha. Nthawi imeneyo amayi anga anali kwathu, anabwera kudzalandira mankhwala a miyendo, ndipo ankakhala pamkeka pafupi ndi mbaula akusenda nyemba, ife n'kumayesa sakumvetsera. Osewera atayamba kupangana zokazinga nyumba ija usiku, amayi anaika lichero pansi.

"Aphunzitsi," amanditchula choncho akafuna kundicheka, "mayiyo walakwa chiyani?"

Ndinati sitinadziwebe, amayi, ndi nthano chabe.

"Nanga bwanji mwamuika kumapeto kwa mudzi? Ine kwathu ndimakhala kuti?"

Amakhala kumapeto kwa mudzi, okha, chimwalirire bambo. Mphwanga anayesa kuseka kuti agogo, ndi masewero awa, koma palibe anamuthandiza kusekako. Tonse timamva pa wailesi za okalamba omenyedwa ndi kuphedwa chifukwa chonamiziridwa ufiti, m'dziko limene lamulo la 1911 limaletsa ngakhale kumutchula munthu kuti ndi mfiti. Ine ndinatenga nkhani yomweyo n'kuiika patebulo kuti achinyamata aiyeserere, ndi mphotho pamapeto pake. Usiku umenewo ndinaitembenuza. Atalowa m'nyumbamo anapeza mayiyo akuphika mankhwala a ana omwe aja, ndipo chodwalitsa chinali chitsime. Koma kunena zoona ndinaitembenuza chifukwa amayi anali pamenepo.

La Gule Wamkulu linabwera mwezi wotsatira, ndipo linali lalifupi. Mphwanga, amene anakulira m'tauni, anabwera ndi pepala atalemba bwinobwino chilombo cha kudambwe, nambala ya chishango, mphamvu, liwiro, zonse monga zilili m'buku langa lija. Anagwira ntchito ndithu. Mlamu wanga ndi wometa. Anawerenga pepalalo mpaka pansi, kulipinda kanayi, n'kumubwezera. "Mphwanga, izi sitiikira manambala." Sanakweze mawu, ndipo sanafotokoze. Ine ndinakulira mu mpingo, za kudambwe si zanga, koma ndinaona kuti akunena zoona. Chinthu ukachipatsa nambala ya moyo ndiye kuti wavomera kuti chingathe kuphedwa n'kulandidwa katundu. M'nthano yathu gule amamveka ng'oma zake kutali, anthu amapatuka panjira, ndipo chitini sichigwedezeka.

Poyamba ndinkayesa kuti mavuto otere ndi athu okha, kuti kwa eni ake masewerowa amangoyenda. Ayi ndithu. M'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina ku America inawaukira kuti akuphunzitsa ana za Satana, ndipo edishoni ya 1989 itatuluka, mawu oti demon ndi devil anachotsedwamo, zilombozo n'kupatsidwa mayina opeka, tanar'ri ndi baatezu. Kumayambiriro kwenikweni munali ma hobbit, anthu aafupi a m'nthano za mlembi Tolkien, koma eni ufulu wa malonda pa nthanozo atadandaula anasanduka ma halfling. M'mabuku okonzedwanso a 2024 mawu oti race, onena za mitundu ya anthu a m'nthano, asinthidwa kukhala species. Buku lililonse la malamulo lili ndi zipsera za zimene anthu a nthawi yake anakana. Kusiyana kwake n'koti iwo amadikira kampani isindikize, ife timangomva kuchokera pamkeka.

Alipo amene anayesa kulemba maiko a nthano otengera Africa. Nyambe inatuluka mu 2002 pa malamulo a edishoni yachitatu, ndipo Paizo inatulutsa buku la Mwangi Expanse mu 2021. Zinatheka chifukwa kuyambira 2000 pali chilolezo chotchedwa Open Game License, cholola aliyense kumanga pa malamulowa n'kugulitsa zake. Wizards of the Coast itafuna kuchisintha mu Januwale 2023 osewera anakwiya kwambiri moti inabwerera m'mbuyo, n'kuika maziko a malamulo a edishoni yachisanu pansi pa chilolezo chaulere cha Creative Commons. Zimenezi zikutanthauza kuti munthu wa ku Ntcheu atafuna kulemba buku lake m'Chichewa pa maziko amenewo, palibe angamuletse. Zimene ndaonako za mabuku a Africawo ndi zaulemu kuposa nkhalango za anthu odya anzawo zimene zinkajambulidwa kale. Komabe Africa wa buku limodzi ndi wamkulu mopitirira. Mumapezeka mafumu a golide, chipululu, nkhalango, zonse pamodzi. Mulibe mkamwini amene akulima munda wa apongozi ake akuwerenga zaka.

Chimene chinandivuta kwambiri kuganiza ndi Akafula. Kuno ku Dedza tili ndi mapanga a Chongoni, malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Zofiira zija, zakale kwambiri, ndi za anthu osaka amene analipo Achewa asanafike, zoyera ndi za makolo athu. M'buku muli ma dwarf, anthu aafupi a ndevu okhala m'mapanga, ndipo mnzanga wa Chingerezi anati basi, tangosinthani dzina. Zinkaoneka zophweka. Koma Akafula sanali nthano, anali anthu, ndipo dzanja lawo likuonekabe ku Mphunzi ndi ku Chentcherere. Kuwasandutsa mtundu wa zilombo za m'buku kunandikanika. Chimene ndinatenga ndi funso lija tonse tinamva tili ana. Osewera atakwera phiri anakumana ndi munthu wamfupi atanyamula uta, n'kuwafunsa, "Mwandionera pati?" Mphwanga anatambasula dzanja kufuna chitini. Mlamu anamugwira mkono n'kuyankha yekha, "Takuonerani kutali, uko tisanawoloke mtsinje." Munthuyo anawalozera njira ya madzi. Palibe anatola chitsekerero.

Napolo yekha ndiye ndinamulowetsa wathunthu, koma naye alibe nambala ya moyo. Pambuyo pa zimene namondwe Freddy anachita kum'mwera mu Malichi 2023, sindikanatha kuuza anthu kuti ponyani mikondo muphe madzi. Akamveka kugunda m'phiri, masewero amakhala oti mudzi usamuke nthawi isanathe: ndani akakope mfumu yokanika, ndani anyamule okalamba, mbewu zibisidwe kuti. Usiku umenewo ndi umene amayi anasiya nyemba n'kuyamba kulangiza osewera njira yodzera.

Zonsezi timazilemba m'kope la masamba 96, la mizere, longa la ana asukulu. Loyamba linadzaza chaka chatha, lodetsedwa ndi zofufuta ndi madontho a tiyi. Pa tchuthi cha Disembala ndinakhala pansi n'kulikopera m'latsopano mwaudongo, ndipo pokoperapo ndinakonza zina. Lamulo la maliro ndinalifupikitsa kuchoka pa masiku atatu kufika pa limodzi, chifukwa nthano inkaima kwambiri. Makasu ndinawachepetsa kulemera. Mphwanga akulimbikira kuti tisonkherane tigule buku la osewera la 2024 kudzera kwa msuweni wake wa ku Johannesburg, ndipo ndinamuuza kuti tiona tikakolola.

Loweruka lapitali mlenje wa mnzanga wa Chingerezi anaphedwa ndi njati. Nditanena kuti maliro ndi tsiku limodzi, mawa ulendo, mlamu anaika chitini pansi.

"Tsiku limodzi? Alamu, munthu ameneyu kwawo ndi kutsidya kwa Linthipe. Uthenga ufika liti?"

Ndinamuonetsa tsamba m'kope latsopano. Sanaliyang'ane n'komwe. Anafunsa kumene kuli kope lakale, ndipo mayi a kunyumba, amene ndinkayesa ali mbali yanga, anakalitulutsa pansi pa matiresi pomwe ndinalibisa. Tinasewera maliro a masiku atatu. Mbatata ya pambaula inapserera tikukangana za amene akakumbe manda.